Nsato yoweta imene inasanza kawiri: lipoti la khoswe woposa msinkhu wa njoka

Lipoti ili ndi la nsato yoweta yaikazi, ya mtundu umene kuno ku Britain amautcha royal python, ku America ball python, ndipo m'mabuku a sayansi umalembedwa Python regius. Inabwera ku chipatala cha zinyama kumene ndimagwira ntchito ya unamwino m'mwezi wa Novembala, itasanza kawiri motsatizana ndiponso itatsika thupi kuchoka pa magalamu 460 kufika pa 420. Tinayeza zonse zoyenera kuyezedwa ndipo matenda sanapezeke. Chimene chinapezeka ndi khoswe wamkulu kuposa mphamvu za chifu chake, amene njokayo inapatsidwa ili m'khola lozizira. Ndalemba mwatsatanetsatane chifukwa vuto limeneli timalilandira kawirikawiri, ndipo eni njoka ambiri amene amagwa nalo ndi anthu osamala, ochita zimenezi poganiza kuti akuithandiza.

Njoka yake ndi eni ake

Kwawo kwa njoka imeneyi ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, kuyambira ku Senegal mpaka ku Uganda. Zambiri zogulitsidwa kunja zimachokera ku Togo, Benin ndi Ghana, motsata malamulo a CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, koma iyi inaswedwa konkuno kwa munthu woweta. Ndi nsato yaing'ono: ikakula imatalika mita imodzi kufika mita ndi theka, zazikazi zimakula kuposa zazimuna, ndipo ikasamalidwa bwino imakhala ndi moyo zaka 20 mpaka 30. Tisaiwale zaka zimenezi pokamba za chakudya. Nyama yokhala zaka 30 siifunika kuithamangitsa kuti ikule m'chaka chimodzi.

Mwini wake ndi mtsikana wa zaka 15, amene anabwera ndi bambo ake. Bambowo ndi ochokera ku Malawi, ndiye atangoona dzina langa pa baji tinayamba kulankhula Chichewa, zimene zinathandiza kuti mbiri yonse ituluke popanda kubisa. Njokayo anaigula ili ndi miyezi iwiri, ikulemera magalamu 90, ndipo pofika kwa ife inali ndi miyezi 14. Mtsikanayo anali ndi kope limene ankalembamo tsiku lililonse lodyetsa, tsiku lofundula, ndi kulemera kwa njoka pa sikelo ya kukhitchini. Ndimafuna eni njoka onse atamatero. Kope limenelo ndi limene linatiuza zambiri kuposa ekisire.

Kwa chaka chathunthu njokayo inkadya mbewa zoumitsidwa mufiriza, imodzi pa sabata, kuyambira zing'onozing'ono mpaka zazikulu za magalamu 25 kapena 30. Sinakanepo chakudya, sinasanzepo, ndipo inkafundula chikopa chonse nthawi imodzi. Vuto linayamba mtsikanayo ataika chithunzi cha njoka yake pa gulu lina la pa Facebook. Anthu angapo anamuuza kuti njoka yake yapinimbira, kuti ya msinkhu umenewo inayenera kukhala itafika magalamu 700, ndipo kuti asiye mbewa ayambe makoswe. Bambo ake ndi amene anapita kusitolo. Pa mapaketi panalembedwa small, medium ndi large, iwo anasankha wapakati.

"Achemwali, ine ndinaona kuti wapakati ndiye wabwino," anatero. "Kwathu nsato imameza mbuzi yathunthu. Ndiye kakhoswe aka kangaivute?"

Nsato imene bambowo ankaidziwa ndi Python natalensis, imene imapitirira mamita anayi, ndipo zoti imameza mbuzi kapena gwape ndi zoona. Koma imeneyo ikadya chotere imakhala masabata kapena miyezi osadyanso, imasankha yokha malo otentha oti igonepo, ndipo ikasokonezedwa imasanza nyama yonse kuti ithawe. Njoka ya mwana wawo inali m'khola la matabwa m'chipinda chogona, m'dziko lozizira, ndipo inkayembekezeka kudyanso sabata yotsatira.

Khoswe woyamba, malinga ndi kope, ankalemera magalamu 140. Njoka inali pa 460. Ndiye kuti chakudya chinali magawo 30 pa magawo 100 alionse a thupi lake, pamene mbewa imene inazolowera inali magawo 6 okha. Inamugwira, inavutika naye pafupifupi mphindi 40, n'kumumeza. Tsiku lachitatu anapeza khosweyo pansi m'khola atatupa, ubweya utanyowa, akununkha kwambiri. Patapita masiku asanu, poopa kuti njoka ili ndi njala, anaipatsanso wina wa m'paketi yomweyo, wa magalamu 125. Ameneyu anabwerera tsiku lachiwiri.

Zimene tinapeza poyeza

Njokayo inali yatcheru, lilime likutuluka bwino, ndipo poigwira inkadzikulunga mwamphamvu. Khungu linali ndi makwinya pang'ono m'mbali, chizindikiro chakuti madzi achepa m'thupi. M'kamwa munali moyera, mopanda zilonda, mamina kapena thovu, ndipo popuma sinkalira m'khosi. Izi tinaziyang'ana mosamala chifukwa njoka ikasanza, zina zimatha kulowa m'kholingo n'kuyambitsa chibayo, komanso mtundu umenewu umagwidwa ndi kachilombo ka nidovirus kamene kamaonekera ndi mamina m'kamwa. Poiika chagada inkadzitembenuza msanga, mutu sunkanjenjemera.

Dokotala anasisita mimba kuyambira kukhosi mpaka kumchira ndipo sanapeze chotupa. Apa ankafunafuna makamaka kutupa kwa pakati pa thupi, kumene kumabwera ndi Cryptosporidium serpentis, kachilombo kamene kamakhuthalitsa khoma la chifu moti njoka imasanza chilichonse masiku angapo itadya. Matenda amenewa alibe mankhwala odalirika, ndiye njoka iliyonse yosanza kawiri timaiyeza. Chimbudzi chinayezedwa pa maikulosikopu, ndipo nyongolotsi kapena mazira ake sizinaoneke. Zina tinatumiza ku labotale kukayeza Cryptosporidium, ndipo zotsatira zinabwera zopanda kanthu. Ekisire inaonetsa kuti m'matumbo munalibe chotsekereza, ngakhale zinyalala za pansi pa khola zimene njoka zina zimameza pamodzi ndi chakudya.

Za kupinimbira kuja, panalibe. Msana sunali wakuthwa, nthiti zinali zokutidwa ndi mnofu, ndipo thupi linkacheperachepera bwino kulowera kumchira. Magalamu 460 pa miyezi 14 ndi kukula kwabwinobwino. Njoka zimene anzake a pa intaneti ankayerekezera nazo ndi za anthu oswetsa, amene ena mwa iwo amadyetsa mothinikiza kuti yaikazi ifike msanga pa magalamu 1,500, pamene ambiri amayambira kuikweretsa. Imeneyo ndi nkhani ya malonda, si muyezo wa thanzi.

Kenaka tinafunsa za khola. Kutentha kunkachokera pa kamphasa ka magetsi koika pansi, kopanda thermostat (kachipangizo kowongolera kutentha), ndipo choyezera kutentha chinali chozungulira chomata pakhoma, cha mtundu umene umanama kawirikawiri. Tinawabwereka choyezera cha manambala chokhala ndi chingwe, kuti akayeze pamene njoka imagona penipeni, masana ndi usiku. Mbali yotentha ya khola, kumene kunali kamphasako, inapezeka pa madigiri 27 masana. Usiku, chotenthetsa nyumba chikazimitsidwa, mbali yozizira inkatsika kufika pa 19, yotentha pa 24. Njoka imeneyi imafuna mbali yotentha ya madigiri 30 mpaka 32, yozizira 24 mpaka 26. M'chilimwe cha kuno, ndi mbewa za magalamu 25, kupereweraku sikunkaonekera. Kuzizira kwa Novembala ndi khoswe wa 140 zitakumana, kunaonekera.

Chifukwa chake inameza koma sinagaye

Anthu ambiri amaweruza kukula kwa chakudya ndi pakamwa: ngati chalowa, ndiye kuti chinali choyenera. Pakamwa pa nsato si poyezera. Nsagwada zake za m'munsi sizinalumikizane ndi fupa pachibwano monga zathu. Pali kamtsempha kotamuka, ndipo kumbuyo zimalendewera pa fupa lina loyenda. Sizigulukanso ayi, monga ena amanenera. Mbali imodzi imakoka, ina n'kutsatira, mutu n'kumayenda pamwamba pa nyamayo pang'onopang'ono, kholingo litasunthira kutsogolo kuti njoka izipuma. Ndi mapangidwe otere ikhoza kumeza chinthu chachikulu kwambiri kuposa chimene ingagaye bwino m'khola. Ndipo siikana, chifukwa kutchire chakudya sichibwera pa tsiku loikika.

Ntchito yaikulu imayamba chakudya chikafika m'chifu. Stephen Secor ndi Jared Diamond anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1990 pa nsato za ku Burma. Anapeza kuti pakati pa chakudya ndi chakudya, chifu ndi matumbo a nsato zimakhala ngati zazima: asidi satuluka, matumbo amafota. Ikangomeza, chifu chimayamba kuthira asidi wamphamvu wosungunula ndi mafupa omwe, matumbo amakula m'masiku awiri okha, ndipo mpweya umene thupi likugwiritsa ntchito umakwera kwambiri, mpaka kuwirikiza ka 40 ngati nyamayo ili yaikulu zedi. Chakudya chikakula, mtengo wochigayira umakulanso. Nsato ya ku Burma ndi mtundu wina, koma kagayidwe ka royal python kamayenda njira yomweyo.

Tsono njoka siipanga kutentha kwake. Liwiro la ntchito yonseyi limadalira pamene yagona. Asidi amadya khoswe kuchokera kunja, kuyambira kumutu, pamene m'mimba mwa khosweyo muli mabakiteriya amene ayamba kale kumuwoletsa kuchokera m'kati. Ndi mpikisano. Khoswe akakhala wamng'ono ndipo khola lili lotentha, asidi amafika m'kati kuwola kusanapite patali. Akakhala wamkulu ndipo khola lili lozizira, kuwola kumapambana, mpweya umadzaza, khoswe amatupa, ndipo njoka imamubweza kuti ipulumuke. Zili ngati kudzaza nyemba mumphika n'kuutereka pamoto wozilala: zimasasa zisanapse. Khoswe wotupa ndi wonunkha amene anapezeka tsiku lachitatu uja ndi chithunzi chenicheni cha zimenezi.

Kusanza kwachiwiri kunali kosapeweka. Njoka ikasanza imataya madzi ndi michere, kummero kumapsa ndi asidi, ndipo mphamvu zonse zimene inawononga podzutsa matumbo zimapita pachabe. Kuipatsa khoswe wina wamkulu patangopita masiku asanu ndi kuikakamiza ntchito yomweyo ili yofooka kuposa poyamba. Ndi chifukwa chake wachiwiriyo sanakhalitse. Kusanza kobwerezabwereza ndi kumene kumapha njoka zazing'ono, osati njala. Nsato ya magalamu 420 yathanzi ikhoza kukhala mwezi osadya popanda vuto lililonse, ndipo mfundo imeneyi ndinaibwereza kwa mtsikanayo kangapo chifukwa mantha ake onse anali pa njala.

Kayezedwe ka chakudya

Pali miyezo iwiri imene oweta amagwiritsa ntchito. Woyamba ndi wa maso: chakudya chisanenepe kuposa pamene njoka yanenepa kwambiri, pakati pa thupi. Ena amalola mpaka kamodzi ndi theka. Wachiwiri ndi wa sikelo: kulemera kwa chakudya kuyerekeza ndi kulemera kwa njoka. Yonse iwiri inachokera pa zimene oweta ndi madokotala aona kwa zaka zambiri, ndipo ndi poyambira chabe. Koma sindiiika pa mlingo umodzi, ndipo nkhani iyi ikuonetsa chifukwa chake.

Tinazunguliza chingwe pakati pa njokayo n'kupeza masentimita 11. Khoswe wotsala m'paketi ija, amene anabwera naye, anali masentimita 15 m'chiuno. Pa muyezo wa kamodzi ndi theka uja, khosweyu akanaloledwa, pakuti malire akanakhala 16 ndi theka. Komatu pa sikelo anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a njoka yonse. Chinyengo chake n'chakuti nyama ikanenepa pang'ono m'chiuno, imakhala yatalikanso, ndipo kulemera kumakwera mofulumira kwambiri kuposa mmene maso akuonera. Kuwonjezera apo, ubweya wa khoswe wouma ndi wa wonyowa zimaoneka mosiyana, ndipo munthu wokonda njoka yake maso ake amakokera ku chachikulu. Ine ndimati sikelo ndiyo iweruze, chingwe chingotsimikizira. Khoswe akadutsa pa sikelo koma n'kuoneka wonenepa kuposa njoka, tengani wocheperapo.

Pa sikelopo, njoka imene ikukula, kuyambira yongoswedwa mpaka magalamu 500 kapena kuposerako pang'ono, imadya magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse a thupi lake, kamodzi pa sabata. Ya magalamu 100 ndiye kuti chakudya cha magalamu 10 mpaka 15; ya 300, cha 30 mpaka 45. Ya mtsikanayu, pa 460, inayenera kulandira cha pakati pa 46 ndi 69, ndipo poti inkachoka pa mbewa ya 28, ndikanayambira pansi penipeni. Apa anzake aja panali pamene analondola: mbewa imodzi inali itayamba kuchepa, ndipo nthawi yosamukira ku makoswe inali itakwana. Chimene sanamuuze ndi kukula kwake.

Chimene ambiri amaphonya n'chakuti gawoli limatsika njoka ikamakula. Ikapitirira magalamu 500 kulowera ku kilo imodzi, timatsikira pa magawo 7 mpaka 10, masiku 10 mpaka 14 alionse. Yaikulu imene yasiya kutalika imakwanira ndi magawo 5 mpaka 7, masabata awiri kapena atatu alionse, ina mpaka anayi. Ndiye kuti nsato yaikazi ya magalamu 1,600 imakhuta ndi khoswe wa 80 mpaka 110. Khoswe wa 140 amene anapatsidwa kanjoka ka miyezi 14 ndi wamkulu ngakhale kwa mayi wake. Makoswe olembedwa large, kunena zoona, ambiri a mtundu umenewu sawafuna moyo wawo wonse.

Munthu akapitiriza magawo 15 pa njoka yaikulu, siisanza, imangonenepa, ndipo vuto lake limabisala zaka. Timazilandira: msana utalowa m'kati ngati ngalande, mamba atatalikirana khungu likuonekera pakati, mapindi a mafuta ikadzikulunga, ndi thupi lothera mwadzidzidzi pamene mchira wayambira. M'kati chiwindi chimakhala chitadzaza mafuta. Pa ziwirizi, kusanza kuli ndi ubwino umodzi woti kumamubweretsa munthu kuchipatala msanga.

Mayina a pa mapaketi musawakhulupirire. Palibe lamulo lonena kuti medium ndi magalamu angati. Sitolo ina khoswe wa 90 imamutcha medium, ina wa 150, ndipo m'paketi imodzi momwemo amasiyana. Mwachidule, makoswe ongobadwa amalemera magalamu osakwana 10, oyamba kumera ubweya 10 mpaka 25, ongoleka kuyamwa, amene kuno amati weaner, 25 mpaka 50, ndipo small amayambira pamenepo kufika cha m'ma 80 kapena 90. Gulani potchula magalamu, ndipo yezani khoswe aliyense musanamusungunule.

Funso la mbewa kapena khoswe lili ndi yankho losavuta. Mbewa yaikulu imalekeza pa magalamu 30 kapena kuposerako pang'ono, ndiye njoka ikapitirira 300 mbewa imodzi siikwanira, ndipo zimafunika ziwiri kapena zitatu. Zimenezo si zoipa. Nyama ziwiri zazing'ono zimagayika msanga kuposa imodzi yaikulu ya kulemera komweko, poti asidi amakhala ndi poyambira pambiri. Vuto ndi lakuti nsato zina zimadya yoyamba n'kukana yachiwiri. Pali nyama yachitatu imene masitolo a kuno amagulitsa, Mastomys natalensis, amene ndi kapuku yemwe uja amakumbidwa m'minda kwathu. Amakula kuposa mbewa ya m'nyumba, ndipo kumene njokazi zimachokera aliko, moti zambiri zokana chakudya zimamulandira. Koma ina ikamuzolowera imakana china chilichonse, pamene iye ndi wodula ndiponso sapezeka paliponse. Kutchire njoka zimenezi sizidya makoswe okha: Luca Luiselli ndi Francesco Angelici, pa kafukufuku wawo wa ku Nigeria wofalitsidwa mu 1998, anapeza kuti zazimuna zimadya mbalame zambiri, zazikazi n'kumadya kwambiri nyama za ubweya. Choncho kamwanapiye ka apo ndi apo si kachilendo kwa izo, bola kayezedwe pa sikelo yomweyo.

Chithandizo

Mankhwala sitinapereke. Dokotala anaibaya madzi pansi pa khungu kamodzi kuti abwezeretse amene inataya, ndipo zotsala zonse zinali za kunyumba. Choyamba, masiku 14 osadya kuwerengera pa kusanza kwachiwiri, osaigwira kupatula poiyeza pa sikelo, ndi mbale ya madzi oyera yoti ikhoza kulowamo. Chachiwiri, khola: chotenthetsera cha pamwamba chotchingidwa kuti njoka isapse, cholumikizidwa ku thermostat, choyaka usana ndi usiku, ndi zoyezera ziwiri za manambala, china mbali yotentha china yozizira. Chinyezi tinati chisatsike pansi pa magawo 60 pa 100, ndipo pakhale pobisala pawiri pothina, pena kotentha pena kozizira, kuti njoka isasankhe pakati pa kubisala ndi kufunda. Tinagwirizana kuti chakudya sichilowa m'khola mpaka mbali yotentha itakhazikika pa 31 kwa masiku atatu otsatizana.

Bambo aja anafunsa ngati sikungakhale bwino kuipatsa mbewa yamoyo kuti idzuke mtima. Ndinawaletsa. Lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limaletsa kuzunza nyama popanda chifukwa, ndipo mbewa nayo ndi nyama pansi pa lamulo limenelo. Kupatula apo, khoswe wamoyo wosiyidwa ndi nsato yosafuna kudya amailuma mpaka kufika pa fupa. Njoka iyi inali isanakanepo chakufa, panalibe chifukwa choyambira.

Tinakambirananso za kasungunulidwe, poti khoswe wamkulu amakhala ndi vuto linanso: kunja amafunda m'kati mukadali ayezi. Achoke mufiriza agone mufiriji usiku wonse m'chidebe chotseka, kenaka aviikidwe m'madzi ofunda ali m'kapepala ka pulasitiki mpaka mimba itafewa ndipo mutu ukumveka wofunda, chifukwa nsato imapeza chakudya ndi timaenje ta pamilomo tomva kutentha. Mayikulowevu ayi. Ndipo m'manja musambe ndi sopo, ziwiya zake zikhale zakezake. Mu 2021 akuluakulu a zaumoyo kuno anachenjeza za anthu ambiri, makamaka ana, amene anadwala Salmonella kuchokera ku mbewa zodyetsera njoka.

Chakudya choyamba chinali khoswe wa magalamu 20, magawo 5 a thupi lake. Mtsikanayo atamuona pa sikelo anakhumudwa.

"Anti, kameneka sikachepa? Ngakhale mbewa zija zinali zazikulu."

"Kachepa dala, mwanawe," ndinamuyankha. "Sitikufuna kuti ikhute. Tikufuna tione ngati chifu chagwira."

Inadya, ndipo masiku asanu anadutsa osasanza. Masiku ovuta ndi atatu oyambirira, ndipo m'masiku amenewo tinati asatsegule khola kupatula posintha madzi. Patapita masiku 10 inalandira wa 25, kenaka wa 32, ndipo chimbudzi chinatuluka cholimba bwino. Sitinakwere sitepe iliyonse tisanaone kuti yapitayo yakhazikika. Chakudya chachinayi chinagwera pa nthawi yofundula, maso atachita mtambo, ndiye tinachidumpha mpaka chikopa chitachoka. Pofika kumapeto kwa Januwale inali pa khoswe wa magalamu 45 sabata iliyonse, ikulemera 455.

Chizindikiro chimene ndinamuphunzitsa kuyang'ana ndi chotupa cha pamimba ikatha kudya. Chakudya choyenera chimamezedwa m'mphindi 10 kapena 15, chimasiya kachotupa koonekera pang'ono, mamba osatalikirana kwambiri, ndipo pofika tsiku lachiwiri kamakhala kataphwa. Chotupa chikakhalapobe tsiku lachitatu, kapena njoka ikamalephera kulowa pobisala pake, khoswe wotsatira achepe ngakhale masamu atalola. Ikakhala kuti palibe chooneka n'komwe ndipo usiku womwewo njoka ikusakasaka, akwere pang'ono. Masamu amapereka poyambira, njoka yake ndiyo imakonza.

Mu Epulo inabweranso kudzayezedwa. Inali pa magalamu 590, yatalika, msana wozungulira bwino, m'kamwa moyera, ndipo sinasanzenso chichokereni Novembala. Poti inali itadutsa 500, tinasintha ndondomeko: khoswe wa magalamu 50 mpaka 55 masiku 10 alionse, kuyeza njoka kamodzi pa mwezi itatha kuchita chimbudzi, ndi kuwerengeranso gawo lake nthawi iliyonse. Ndinawachenjezeratu kuti nsato za mtundu umenewu zikayandikira kukhwima zimayamba kukana chakudya, makamaka m'miyezi yozizira, nthawi zina kwa miyezi ingapo. Zikadzatero asadzathamangire khoswe wamkulu kapena kudyetsa mokakamiza. Adzayese wocheperapo pakapita masabata awiri, ndipo adzabwere nayo ngati yatsika ndi magawo 10 a thupi lake kapena yayamba mamina. Makoswe atatu otsala m'paketi ya medium ija tinawapereka kwa munthu wina woweta njoka yaikulu ya mtundu wa boa, chifukwa ngakhale njokayi itadzafika kilo imodzi, khoswe wake adzakhala wa magalamu 70, ndipo pofika nthawiyo amenewo akanakhala atagonera mufiriza mopitirira muyezo.